Kuseka kwa Mwana Wanga mu Sipika

Ine kwathu ndi ku Mpingu, koma ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi Nsaru. Njerwa ndinaumba ndekha, malata ndinakhoma ndekha, mitengo ya mango kuseri ndinadzala ndine. Komabe aliyense amene anakhalapo mkamwini akudziwa kuti nyumba yotere imakhala yako pamene eni mudzi akukondwa nawe. Masiku amenewo sindinkaziganizira zimenezi. Ndinali ndi mkazi wokonda kuseka, mwana wamkazi wongoyamba kumene kuyenda, ndi ntchito yanga ya pamsika.

Ntchitoyo ndinkagwirira pakhonde la sitolo ya bambo ena achisilamu, ogulitsa nsalu ndi ziwiya. Ndinali ndi tebulo, kompyuta yakale yochedwa kuyaka, ndi sipika imodzi yaikulu. Ndinkakonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemore kadi, ntchito imene pamsika timati kubena. Eni sitolo analibe nane vuto. Pempho lawo linali limodzi lokha, loti nthawi yawo ya mapemphero ikakwana ndizitsitsa sipika.

Nyimbo ndinali nazo za mtundu uliwonse, za kwaya, za ku Zambia, za achinyamata zolankhula mothamanga zija. Koma za mtima wanga zinali za munthu mmodzi. Dzina lake sinditchula, ali moyo ndipo ana ake sanandilakwire. Ankayimba ndi gitala, mawu ake okhakhala ngati a munthu amene wangodzuka. Ankayimba za tenanti amene walima fodya chaka chonse n'kubwerera kwawo ndi kachikwama komweko kamene anabwera nako, za mabelo obwezedwa ku okushoni, za mayi woima pamzere wa feteleza mpaka dzuwa kulowa. Ndinayamba kumumvera ndili kusekondale, pa kaseti imene tinkaibweza ndi bolopeni posafuna kutha mabatire. Ndikamamumva ndinkakhulupirira kuti m'dziko muno muli munthu mmodzi amene sangagulidwe, ndipo ndinkakangana ndi aliyense wonena zina. Mkazi wanga ankati anakwatiwa ndi amuna awiri, ine ndi wa gitalayo, ndipo wamkulu m'nyumbamo ndi wa gitala.

Chaka cha zisankho kunamveka kuti woyimbayo akubwera ku Nsaru. Ndinatseka tebulo masana, ndinakatenga mkazi wanga ndi mwana pa njinga, tinapita pabwalo. Anafika pa lole ya chipani, yokutidwa ndi nsalu za nkhope ya munthu wofuna mpando. Ndinadziuza kuti mwina wangokwera nawo, mayendedwe ndi ovuta. Kenako anaimirira atavala malaya a nsalu yomweyo, atanenepa mpaka khosi, ndipo nyimbo ya tenanti ija inayamba. Gitala yomweyo, kayendedwe komweko. Koma pamalo pamene tenanti ankabwerera kwawo chimanjamanja, tsopano anali kuthokoza bwana wa pansaluyo. Ine ndine munthu wa mawaya, choncho maso anga anapita pa gitala. Chingwe chake chinali lende, chosalumikizidwa paliponse. Munthuyo ankangoyendetsa zala ndi milomo, nyimbo ikuchokera m'chimbale.

Ndinapsa mtima moti makutu anatentha. Nditacheuka ndinapeza mkazi wanga akuvina, mwana ali kumsana, atamuberekera chitenje chatsopano chimene achipani ankagawa. Panjira ndinamufunsa ngati anawamva mawu aja. Anati anawamva, koma woyimbayo naye ali ndi ana ofuna kudya, ndipo chitenje ndi chitenje, mwana sawerenga zimene zalembedwa pa nsalu yomuberekera. Anaseka, akundigwira pamsana. Ine sindinaseke. Ndinapalasa mpaka kunyumba, ndipo tsiku limenelo sindinadye.

M'mawa mwake ndinafufuta nyimbo zake zonse m'kompyuta. Makasitomala akafunsa ndinkati palibe, akakakamira ndinkawalozera kwa mnzanga wobena kuseri kwa depoti. Ambiri anazolowera komweko osabwereranso. Vuto linali lakuti nditamufufuta iye, ena onse anayamba kundinyansa. Woyimba aliyense akatsegula pakamwa kunena za umphawi kapena za chikondi, ine ndinkangoganiza kuti uyunso akudikira lole yake. Ndinkaika nyimbo m'mafoni a anthu osazimvera, monga wogulitsa mbewa amene iye sadya mbewa. Kwa munthu amene anakula wailesi ili pakhutu, umenewo unali usiwa weniweni.

Nthawi ya chisanu, fodya atatha m'zigafa, kunabwera bambo wina wa ku Phalombe amene ankagwira utenanti pa esiteti ina ya njira ya ku Kabudula. Anali ndi foni imene achimwene ake anamutumizira kuchokera ku Joni. Anati foniyo ndi yabwino koma m'kadi muli phokoso lokhalokha, ndifufutemo ndiikemo za kwaya. Ndinalowetsa kadiyo m'kompyuta. Nyimbozo zinalibe mayina, zinali ndi manambala okhaokha. Ndinatsegula imodzi kuti ndione ngati kadiyo yafa.

Poyamba kunamveka kung'ung'uza kwapansipansi, ngati chigayo chikamalira kutsidya kwa dambo. Kenako kunayamba kumveka timawu tina touma, ta apa ndi apo, monga amachitira malata dzuwa likayamba kutentha. Ndinadikira kuti woyimba alowe, koma sanalowe. Ndinadikira ng'oma pamalo pamene phazi limaiyembekezera, ng'omayo inabwera mochedwa, motsimphina. Inachedwanso kachiwiri pamalo omwewo, kachitatu chimodzimodzi, ndipo ndinazindikira kuti kadiyo sinafe, wina wake anachita dala. Ndinatsegula ina. Munali mawu a mayi, koma oduladula kwambiri moti panalibe liwu lathunthu ngakhale limodzi. Ina inali ya kamvekedwe kamodzi kokha, kakukula pang'onopang'ono mpaka tebulo langa kuyamba kunjenjemera. Bambo wa ku Phalombe uja anandifunsa ngati ndamaliza, minibasi ingamusiye. Ndinakopera zonse m'kompyuta yanga, ndinamuikira kwaya yake, anapita akuthokoza.

Kunena zoona, nyimbo zimenezo zinandibwezera moyo. Sizinkandilonjeza kanthu. Sizinkati zikundimvera chisoni, sizinkati zili kumbali ya amphawi. Munalibe mawu oti munthu adzawasinthe tsiku lina atakwera lole. Ndinayamba kugula bandulo n'kumafufuza pa intaneti, ndipo ndinapeza kuti anthu opanga nyimbo zotere ndi makina ndi ambirimbiri, m'mayiko amene sindinkadziwa n'komwe kuti aliko, ena a mu Afirika mwathu momwemuno, zawo zothamanga ngati makina osokera. Zina zinkandiopsa, zina zinkanditopetsa, zina ndinkazibwereza mlungu wonse. Eni sitolo anatuluka tsiku lina n'kundifunsa mwaulemu ngati sipika yanga yaphulika, ati ali nayo ina m'nyumba angandibwereke. Anyamata a kabaza anandipatsa dzina loti wachigayo, ndipo akamadutsa ankafunsa ngati ndikugayitsa mgaiwa kapena woyera. Ine ndinkawatukwana, iwo n'kumaseka, zinthu n'kumayenda.

Kunyumba ndinali ndi kasipika kakang'ono kolumikiza ku batire ya sola. Tsiku loyamba kuziliza pakhomo mkazi wanga anamvetsera nthawi yaitali ndithu, manja ali m'chiuno, kenako anafunsa kuti kodi nyimboyo iyamba liti. Tinaseka tonse. Koma masiku atapita analeka kuseka. Anandipempha kuti ndizitsitsa, chifukwa nyumba ya amayi ake inali pafupi ndipo anayamba kufunsa kuti mkamwini akuliza chiyani. Ndinagula mahedifoni. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde ndi zinthuzo kumakutu, iye akuphika, akundiyankhula, ine ndikungoona milomo. Anandiuza kuti ndikukhala pakhomopo ngati mlendo wodikira basi. Ndinamuyankha kuti bola ine sindivinira chitenje. Anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba.

Pasanapite nthawi ndinapeza pulogalamu yodulira mawu pa kompyuta, ndipo ndinayamba kuyesa zanga. Ndinkayenda ndi foni n'kumajambula chilichonse cholira. Ndinajambula jeke yodindira fodya, lumo la eni sitolo likudula nsalu, unyolo wa njinga. M'mawa wina ndinakaima pa mjigo wa m'mudzi, foni nditaiyandikiza pa chitsulo chopopera. Amayi amene ankacheza pamenepo anakhala chete onse. Ine ndinakondwa, ndinati andithandiza, mjigo umveka bwino. Sindinadzifunse kuti akakafika kunyumba akanena kuti aona chiyani.

Masana ena mkazi wanga ankasambitsa mwana m'beseni panja, mwanayo akumenya madzi ndi manja, akuseka mpaka kubanika. Ndinajambula. Kumsika ndinakadula kusekako, ndinakubwereza, ndinakuika pamwamba pa kulira kwa mjigo. Poyambira ndinakusiya momwe kunalili, kenako ndinakuchedwetsa pang'onopang'ono mpaka kunatsika, kunakhala mawu aakulu, aulesi, ngati a nkhalamba yoseka ili kutulo. Ndinagwira ntchito imeneyo masiku ambiri. Chibadwire ndinali ndisanapangepo chinthu chimene ndinachiona kukongola, ndinkangokonza zopanga ena. Ichi chinali changa, ndipo munali mwana wanga. Ndinkafuna mkazi wanga achimve, mwina aone kuti ndi za kumakutu zija sindinkathawa iye.

Ndinabwera nacho kunyumba Lamulungu masana. Mkazi wanga anali atapita kudimba, mwana atamusiya kwa agogo ake. Ndinati ndiyeseretu pa kasipika kaja kuti akamabwera zikhale zokonzeka. Apongozi anga aakazi, monga mwa mwambo wathu, sankalowa m'nyumba mwanga, sankandiyang'ana kumaso, ndipo tikakumana panjira mmodzi ankapatuka. Zaka zonsezo tinkalemekezana choncho popanda chovuta. Tsiku limenelo ankadutsa kuseri kwa nyumba, mwana ali kumsana. Ndinaona mthunzi wawo utaima pazenera. M'sipika mwana ankaseka, kusekako kukutsika, kukutsika. Mwana weniweniyo atamva anayamba kulira.

Apongozi sanalankhule kwa ine. Analankhula akuyang'ana khoma.

“Mwana ali kumsana kuno. Nanga akuseka m'katimo ndani?”

Ndinazimitsa msanga, ndinatuluka, ndinanjuta chapatali monga kuyenera. Ndinafotokoza kuti ndi mawu ojambula chabe, monga mmene anthu amajambulira chithunzi, monga kwaya ya kutchalitchi kwawo inajambulira chimbale. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anauza khoma lomwelo kuti kwaya inajambulitsa yokha, ndipo m'chimbalemo anthu ake sanasanduke nkhalamba. Anakonza nsalu ya mwana n'kumapita. Mkazi wanga atabwera anayamba wadutsa kwa amayi ake, ndipo atalowa m'nyumba anati nyimboyo safuna kuimva.

Mvula itayamba mwana anadwala. Thupi linatentha, tinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono, anatipatsa mankhwala a malungo, anakhalako bwino. Patapita masiku linatenthanso. Analeka kuyenda, analeka kusewera, ankangofuna kumsana. Zikhato zake zinayera, m'maso munayera, milomo inachita mbuu. Tinakwera naye minibasi kupita kuchipatala cha mishoni ku Namitete, ine, mkazi wanga ndi apongozi, iwo atakhala mpando wakutsogolo kuti tisayang'anizane. Njira yonse ndinagwira kaphazi ka mwanayo, kakuzizira, ndipo mantha amene ndinali nawo sindinawamveponso.

Adokotala anati malungo amudya kwambiri, magazi achepa, afunika kumuwonjezera tsiku lomwelo. Ine ndinamva zimenezo basi. Koma apongozi, ali kumbuyo kwa mkazi wanga, anamufunsa chapansipansi kuti ngati achepa ndiye kuti apita kuti. Nkhani za anthu opopa magazi ndi makina zinali zitamvekapo kale m'dziko muno, zimazilala n'kudzukanso, ndipo aliyense ali ndi msuweni amene anaziona. Ine ndinali ndi bokosi la mawaya lolira ngati pampu. Ndinali nditaima pa mjigo ndi foni anthu akuona. Ndinali nditalowetsa mwana m'bokosimo, agogo ake anamva ndi makutu awo. Pamenepo sindinazilumikize zimenezi, mutu wanga unali pa mwana. Adokotala anafunsa ngati pali wachibale woti apereke magazi, ine ndinapinda malaya asanamalize kufunsa. Magazi anga anagwirizana ndi ake. Ndinagona pabedi ndikuona thumba likudzaza, ndikupempha Mulungu kuti ngati akufuna enanso atenge onse.

Mwana adakali m'chipatala, uthenga unandipeza kumsika woti ankhoswe akufuna kukumana. Kumbali ya mkazi wanga kunabwera atsibweni ake, alongo awo a apongozi, amene ankakhala ku Nambuma. Kumbali yanga kunabwera achimwene anga aakulu kuchokera ku Mpingu. Tinakhala kuseri kwa nyumba yanga, amayi angapo a m'banjamo atakhala pamphasa chapatali. Atsibweniwo sanali munthu waukali ayi. Anali mkulu wa mpingo, wolankhula mofatsa, amene paukwati wathu anandiyamikira kuti ndine mkamwini wosamwa mowa. Anandipempha kuti nditulutse kasipika kaja ndiwalizire zimene ndimamvera.

Ndinasankha yofatsa kwambiri mwa zonse. Inalira pamenepo, masana dzuwa lili phwee, nkhuku zikutola pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaimva ndi makutu a anthu ena. Achimwene anga anaweramitsa mutu. Itatha, atsibweni anayamba kufunsa.

“Nyimbo imeneyi ikuti chiyani, bambo?”

“Sikunena kanthu.”

“Amaivina bwanji?”

“Savina. Amangomvera.”

“Anayimba ndani? Ndi wa kuti?”

“Sindikumudziwa.”

Yankho lililonse linali loona, ndipo lililonse linkandikwirira. Anagwedeza mutu n'kunena kuti iwo akula akumva nyimbo za pamaliro, za paukwati, za kumunda, za kutchalitchi, ngakhale za kumowa, ndipo iliyonse ili ndi mwini wake ndi ntchito yake. Koma ichi chilibe dzina, chilibe mwini, sichinena kanthu, sichivinika, komabe chalanda munthu wamkulu chakudya ndi banja. Anati iwo sakunditchula mfiti, Mulungu awakhululukire, koma ndiwauze ndekha kuti chinthu chotere chimadya chiyani.

Apa mtima wanga unandipitirira. Ndinati mudzi wonse unakavinira munthu wa gitala yopanda chingwe, wonama masana anthu akuona, palibe anaitanitsa ankhoswe, koma ine womvera zinthu zosanamiza munthu ndiye ndakhala pabwalo. Ndinati malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo ngati akufuna wopopa magazi akayang'ane zithaphwi za kuseri kwa khola lawo. Achimwene anga ananditsina pantchafu mpaka ndinamva kuwawa. Kumphasa kuja mayi wina anawomba m'manja kamodzi, chapansipansi. Mkamwini salankhula choncho pamudzi pa eni, ndinkadziwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Achimwene anayesa kukonza. Anapepesa, anati mng'ono wawo ndi wamtima wapachala chibadwire, ndipo kuti nkhani ithe, afufute pompano nyimbo ya mwanayo ndi zina zonsezo anthu akuona. Ine ndinavomera. Ndinali wokonzeka kuphwanya ndi kompyuta yomwe. Ndinatulutsa foni, koma atsibweni anakweza dzanja.

“Ayi, musafufute. Mwanayo ali m'menemo. Mukafufuta, apita kuti?”

Kusunga kunali kulakwa, kufufuta kunali kupha. Anandipempha kadi ya m'foniyo, anaikulunga m'kapepala, anaiika m'thumba la jekete lawo mosamala kwambiri. Kenako ananena chigamulo chawo, mofatsa momwemo. Ukwati sanauthetse. Anangoti ndiyambe ndakapuma kwathu, mphepo ya pakhomo isinthe, aone mmene mwana akhalire. Ndinalowa m'nyumba imene ndinamanga, ndinatenga zovala ndi bulangete, ndinamanga pa njinga. Ku Mpingu sindinakhalitse, kunali kutali ndi ntchito. Eni sitolo aja anandilola kugona m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo sanandifunse funso ngakhale limodzi.

Kuchipatala ndinkapitabe. Apongozi akakhala pafupi ndi bedi sindikanatha kulowa, choncho ndinkaima panja n'kumaona mwana pazenera. Tsiku lina mkazi wanga anatuluka kukachapa, ndinamutsatira kumipopi. Anali ataonda, maso atalowa. Ndinamufunsa ngati naye akukhulupirira kuti ndinapopa mwana wanga. Anapitiriza kufinya thewera, kenako anati za makina opopa magazi iye sazidziwa, ndipo mwina kulibe.

“Koma chichokereni kumsonkhano kuja, inu simunandiyang'anepo ngati mkazi wanu. Mumandiyang'ana ngati nyimbo ija ndinagulitsa ndine. Pamene amayi ankanena zonsezi, ine ndinafunafuna mawu okuikirani kumbuyo, sindinawapeze. Ndikanati ndimakudziwani?”

Ndinafuna kuyankha, koma namwino anamuitana. Ndinatsala ndi beseni lake, ndinamaliza kufinya matewera, ndinayanika, amayi ena akundiyang'ana.

Masiku amenewo ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti mwana achire. Ndinkaganiza kuti akachira zonse zitha, anthu achita manyazi, atsibweni atumiza uthenga, ndibwerera ndi njinga yanga ndipo tidzaziseka. Nyimbo zija sindinkazimvera. Sipika ya pakhonde ndinkaikamo kwaya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo makasitomala anayamba kubwerera.

Mwana anatuluka m'chipatala. Ndinamva kwa anyamata a kabaza, chifukwa kumudzi palibe anandiuza. Ndinadikira uthenga, sunabwere. Achimwene anga anapita ku Nambuma, anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, anawauza kuti tiyambe taona. Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, anthu anabandira, ine ndikugonabe pakati pa makatoni a sopo.

Tsiku lina la msika ndili wowerama pa foni ya munthu, ndinamva kanthu kakundigwira bondo. Anali mwana wanga, ataima yekha ndi miyendo yake, m'manja muli chigumu. Masaya anali atabwerera, milomo ili yofiira bwinobwino. Ndinamunyamula, ndinamutembenuza zikhato, ndinamukoka chikope kuti ndione m'diso, iye akukana, akundimenya ndi chigumucho. Ndinalira pamaso pa anthu onse a pakhondepo, ndipo sindinachite manyazi. Mkazi wanga anaima pansi pa masitepe ndi dengu la tomato. Eni sitolo anamutulutsira mpando, anakana, anati sakhalitsa.

Anandiuza kuti mwana akudya, akuthamanga, akuvuta ngati kale. Ndinati tithokoze Mulungu ndi madokotala. Kenako ndinafunsa chimene ndinkadikira, kuti tsono ndibwere liti. Anayang'ana dengu lake.

“Kumudzi akuti mwana wachira chifukwa magazi aja munabweza.”

“Ndinabweza? Ine ndinapereka. Munalipo inuyo, munaona.”

“Ndinaona. Amayinso anaona. Akuti munathamangira kupinda malaya adokotala asanamalize kufunsa, chifukwa munkadziwa kumene anali. Ndipo akuti chichokereni inu pakhomo, thupi silinatenthenso.”

“Nanga inuyo mukuti bwanji?”

Anatula dengu, anatenga mwana m'manja mwanga, anawerama n'kumuponya kumsana. Anamanga nsalu pachifuwa, anaimanganso kachiwiri.

“Ine ndikuti mwana wachira. Ndipo sindikufuna kuyesanso kuti ndione amene akunena zoona.”

Sanakweze mawu, ndipo sanandiyang'ane mwaudani. Ananditsanzika mwaulemu, anatsanzika eni sitolo, anasenza tomato wake kulowa mumsika. Ndinaima pamenepo ndikuzindikira kuti chimene ndinkachipempherera usana ndi usiku ndicho chatseka chitseko. Mwana akanapitirira kudwala ine kulibe, akanati analakwitsa, akanandiitana. Sindikanafuna zimenezo ngakhale pang'ono, ndipo akanandifunsa lero kuti ndisankhe, ndikanasankha momwemu. Koma zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe.

Ukwati unatha popanda tsiku lenileni lothera. Ankhoswe anakumananso kangapo, kenako analeka. Mkazi uja anakwatiwanso, ndipo mwamuna wake ndi munthu wabwinobwino, amabwera kudzakonzetsa foni kwa ine. Nyimbo zija ndinayambanso kuzimvera patapita chaka, chifukwa zinalibe mlandu, ndipo mpaka pano ndi zokhazo zimene zimandifika pamtima. Kujambula kokha ndinaleka.

Mwanayo tsopano ali kumapeto kwa pulayimale. Amadutsa patebulo langa akaweruka, ndimamugulira makope, amandiuza za aphunzitsi ake ndi za anzake oyambana nawo. M'nyumba mwanga saloledwa kulowa, ndipo ndikatulutsa foni m'thumba amakhala chete mpaka ndiibweze, monga anamulangizira. Ndi wamtali, wamphamvu, amathamanga kuposa anyamata a m'kalasi mwake, ndipo chituluke m'chipatala muja sanagonekedwenso. Ine ndimanyadira zimenezo kuposa munthu wina aliyense. Agogo akenso amanyadira, ndipo chaka chilichonse chimene mwanayo wakhala wathanzi amachiwerengera ku umboni wawo.